Iain Macleod: Nduna Imene Inayambana ndi Chipani Chake Chifukwa cha Africa

Pa 15 Ogasiti 1961 anthu a m'midzi yozungulira Likuni, a ku Mitundu ndi a ku Nathenje, iwo amene maina awo analembedwa m'kaundula, analawira m'mamawa kukachita chinthu chimene makolo awo sanachitepo: kusankha munthu wokawayankhulira ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Sanapite onse ai. M'dziko lonse la Nyasaland, la anthu 3 miliyoni kapena kuposerapo, olembetsa anangopitirira pang'ono 100,000. Ololedwa anali anyakwawa, achikumbe, asilikari akale, anthu odziwa Chingerezi okhala ndi malipiro okwanira, ndiponso amene anakhoma msonkho zaka 10 nadziwa kulemba ndi kuwerenga m'chinenero chawo. Mlimi wa fodya wa chikopa wosagwira cholembera anatsala pakhomo, ndipo amai ambiri anatsala naye. Ngakhale zinali choncho, chisankho chimenechi ndicho chinathyola msana wa Chitaganya.

Malamulo a chisankhocho anapanganidwa chaka chimodzi m'mbuyo mwake, pa msonkhano wa ku Lancaster House mu mzinda wa London, ndipo amene anali pa mpando wa msonkhanowo ndi Bambo Iain Macleod, Nduna ya boma la Britain yoyang'anira maiko olamulidwa ndi Angerezi. Chodabwitsa n'chakuti a Macleod anali a chipani cha Conservative, chipani cha eni chuma ndi eni malo, chokonda kusunga zinthu monga zinaliri kale, chomwechonso chimene chinakhazikitsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland m'chaka cha 1953 eni dziko akukana. Tsono adani awo oopsa pa nkhani za Africa ankakhala nawo mbali imodzi m'Nyumba ya Malamulo, pa mipando ya kumbuyo kwawo.

Iain Norman Macleod anabadwa pa 11 Novembala 1913 m'tauni ya Skipton ku Yorkshire, kumpoto kwa England. Atate ake anali dokotala, ndipo makolo ake onse awiri kwawo kunali ku chilumba cha Lewis ku Scotland, dziko la mphepo, la anthu olima timinda ndi kugwira nsomba. Anaphunzira ku Fettes College mu Edinburgh, kenaka ku Cambridge, kumene anatenga maphunziro a mbiri yakale natsiriza mu 1935. Aphunzitsi sangakondwe kumva kuti ku Cambridge mnyamatayu sanali wakhama pa mabuku. Mtima wake unali pa masewera a makadi otchedwa bridge, m'mene anthu anai amasewera awiriawiri, ndipo wopambana ndi amene amakumbukira makadi onse amene agwa kale nalota bwino zimene mdani wabisa m'manja. Anafika pokhala mmodzi wa akatswiri a dziko lonse, ndipo kwa zaka zingapo ndalama zake zambiri zinkachokera pa tebulo la makadi. Luso limeneli anadzanyozedwa nalo pagulu patapita zaka 25.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka analowa usilikari. Anavulala mwendo ku France mu 1940, nabwereranso ku dziko lomwelo mu Juni 1944 ndi magulu ankhondo amene anakocheza ku Normandy. Bala lija, pamodzi ndi nthenda youmitsa mafupa a msana imene inamugwira pambuyo pake, zinamusiya wotsimphina ndi wosatha kutembenuza khosi, ndipo ululu sunamuchoke moyo wake wonse. Pa chisankho cha 1945 anakaima ku zilumba za makolo ake. Kumeneko kunalibe nthambi ya Conservative, kotero anaitanitsa msonkhano woiyambitsa. Amene anafika anali awiri okha, iye ndi atate ake. Mwana anasankha atate kukhala wapampando, atate nasankha mwana kukhala woimira chipani. Pa chisankhocho anakhala wotsiriza.

Kuchokera mu 1946 a Macleod anagwira ntchito mu ofesi yokonza mfundo za chipani, limodzi ndi anyamata ena awiri anzeru, Enoch Powell ndi Reginald Maudling. Mu 1950 anasankhidwa kukhala phungu wa Enfield West, nakhala mmodzi wa oyambitsa kagulu ka One Nation, ka aphungu okhulupirira kuti chipani cha olemera sichingakhalitse ngati sichisamala zipatala, nyumba ndi sukulu za osauka. Mwai wawo unagwa mu Marichi 1952, pamene anatsutsana ndi Aneurin Bevan, mlankhuli woopsa wa Labour, pa nkhani ya zipatala. Winston Churchill anali m'Nyumbamo namva, ndipo pasanathe miyezi iwiri anawapatsa unduna wa zaumoyo. Alimi a fodya angafune kudziwa kuti ndi nduna yomweyi imene mu Febuluwale 1954 inauza atolankhani kuti pali umboni wogwirizanitsa kusuta ndi khansa ya m'mapapo, ndipo ponena zimenezi inali kusuta, ndudu ina ikatha n'kuyatsa ina. Kuyambira 1955 mpaka 1959 anali Nduna ya za ntchito, ndipo kumeneko anazolowera kukhala pakati pa mabwana ndi antchito okwiya, kufunafuna pamene onse angakumane.

Pamene Harold Macmillan anawapatsa unduna wa maiko olamulidwa mu Okutobala 1959, zinthu zinali zitafika poipa. Kuno anthu anali atatopa ndi Chitaganya, ndipo m'midzi ya alimi monga ya kumwera kwa Lilongwe mkwiyo unakula ndi malamulo a malimidwe, amene ankalipitsa kapena kumangitsa munthu chifukwa cha mizere ndi milambala, komanso ndi mitengo ya fodya imene bungwe la boma linkadula lokha. Pa 3 Marichi 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi, naletsa chipani cha Nyasaland African Congress. Dr. H. Kamuzu Banda anatengedwa kupita ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, anthu oposa 1,300 anatsekeredwa popanda mlandu, ndipo pafupifupi 50 anaphedwa, 20 mwa iwo pa doko la Nkhata Bay. Tsiku lomwelo ku Kenya akaidi 11 anamenyedwa mpaka kufa pa msasa wa Hola. Mu Julayi bungwe lofufuza la woweruza Patrick Devlin linapeza kuti chiwembu chachikulu chopha Azungu, chimene boma linkanena, chinalibe umboni wokwanira, kuti anthu pafupifupi onse ankadana ndi Chitaganya, ndi kuti dzikoli linkayendetsedwa ndi mphamvu za apolisi. Boma la Conservative linakana mbali zowawa za lipotilo, aphungu ake nalivomereza kutero.

A Macleod anali asanapondepo pa dziko lililonse la Africa lolamulidwa ndi Britain, ngakhale mbale wawo anali mlimi ku Kenya. Koma anawerengera monga munthu wa makadi. Anaona France ikuthera ana ake ku Algeria, anaona Belgium ikukonzeka kuchoka ku Congo, ndipo anatsimikiza kuti Britain ilibe asilikari, ndalama kapena mtima wosungira maiko awa ndi mfuti. Kufulumira kupereka ulamuliro kunali koopsa, koma kuzengereza kunali koopsa koposa. Za Nyasaland anaona chinthu chimodzi: panalibe wina wokambirana naye amene anthu akanamumvera koma mkaidi wa ku Gwelo. Chipani cha Malawi Congress Party, chimene Bambo Orton Chirwa anayambitsa mu Seputembala 1959, chinkanena poyera kuti chikungosungira Dr. Banda mpando.

Apa ndipo panayambira nkhondo ya m'nyumba. Bwanamkubwa Armitage anakana, poopa kuti Dr. Banda akatuluka dziko liyaka moto. Sir Roy Welensky, Nduna Yaikulu ya Chitaganya, anakanitsitsa. Ndipo m'boma la Britain momwemo munali Lord Home, Nduna ya za Commonwealth, amene ntchito yake inali kusunga ubale ndi a Welensky ndi Azungu a ku Southern Rhodesia. Nduna ziwiri za boma limodzi zinkakoka chingwe chimodzi, ina uku ina uko. Pa nthawiyo bungwe la Lord Monckton linali kudzayendera maiko atatuwa kuti lione tsogolo la Chitaganya. A Macleod ankafuna kuti Dr. Banda akhale mfulu bungwelo lisanachoke. A Welensky ankafuna kuti akhalebe m'ndende mpaka litapita. Mu Febuluwale 1960 a Macleod anauza a Macmillan kuti ngati mawu a Welensky ndiwo apambane, iwo atula pansi udindo. Nduna Yaikulu, imene inali itangobwera kumene kuchokera ku ulendo wa ku Africa, sikanatha kutaya nduna imene inaisankha miyezi inai yapitayo. Anagwirizana zokumana pakati: tsiku linakankhidwa, koma osati mpaka pamene a Welensky ankafuna.

Pa 1 Epulo 1960 Dr. Banda anatulutsidwa, nabwera pa ndege, ndipo tsiku lomwelo anakumana ndi a Macleod ku nyumba ya Bwanamkubwa ku Zomba. Analankhula pa wailesi kupempha anthu kuti akhale bata, ndipo anthu anamvera. Moto umene unkaopedwa uja sunayake. Mu Juni lamulo la dziko lili pa ngozi linachotsedwa, ndipo mu Seputembala akaidi otsiriza, a Henry Chipembere ndi a Chisiza awiri aja, Dunduzu ndi Yatuta, anatuluka.

Msonkhano wa ku Lancaster House unayamba pa 25 Julayi nutha pa 4 Ogasiti 1960. Dr. Banda anapita ndi pempho lakuti munthu wamkulu aliyense aponye voti ndi kuti anthu akuda atenge boma. A United Federal Party, chipani cha a Welensky, ankafuna kuti mphamvu zikhalebe m'manja mwa Azungu ndi akuluakulu a boma. A Macleod anamvera mbali zonse, nakumana nazo padera usiku ndi usana, kenaka anaika pa tebulo chiwerengero chawo: Nyumba ya Malamulo ya anthu 33, mwa iwo 20 osankhidwa ndi a m'kaundula wapansi, amene ambiri anali anthu akuda, 8 osankhidwa ndi a m'kaundula wapamwamba, wa anthu a chuma ndi maphunziro, ndi 5 a boma. Mphamvu yotsiriza inatsalabe kwa Bwanamkubwa. Panalibe amene analandira zonse zimene anadzera, koma onse anasaina. Dr. Banda anagonja pa voti ya munthu aliyense chifukwa anaona kuti 20 mwa 33 ndi khomo lotseguka, ndipo anaona bwino. Pa chisankho cha 1961 chipani chawo chinatenga mipando yonse 20 ya kaundula wapansi ndi iwiri ya wapamwamba.

Pano ndi pofunika kunena zoona, kuopa kusandutsa munthu mngelo. A Macleod sanatulutse Dr. Banda kuti aphe Chitaganya. Ankayembekeza kuti anthu akuda akapatsidwa ulamuliro m'dziko mwawo adzalola kukhala m'Chitaganya chokonzedwanso, ndipo pamenepa katswiri wa makadi analota molakwa. Chinanso, pangano lawo linawerenga mipando bwinobwino koma silinateteze munthu wotsutsa. Mu Okutobala 1960, Bambo Chester Katsonga atayambitsa chipani cha Christian Democratic Party, nyuzipepala ya Malawi News inachiukira koopsa pamodzi ndi Archbishop Theunissen wa ku Blantyre, amene ankamuganizira kuti ali kumbuyo kwake, ndipo Akatolika, a ku Likuni ndi a kwina, anapezeka pakati pa mpingo wawo ndi chipani chawo. Otsutsa ambiri anaopsezedwa chisankho chisanafike. London inaona zimenezi niyang'ana kumbali, pakuti inali itaika chuma chake chonse pa munthu mmodzi.

Nyasaland inali yosavuta kuitaya: Azungu anali ochepa, migodi kunalibe. Northern Rhodesia inali nkhani ina, pakuti kunali mkuwa umene unkadyetsa Chitaganya chonse, ndi Azungu oposa 70,000. A Welensky anadziwa kuti dziko limenelo likapita, Chitaganya chatha. Anadziwanso kuti malo omenyera nkhondo imeneyi ndi m'kati mwa chipani cha Conservative. Boma lawo linalemba kampani ina ya ku London yokometsa mbiri, ndipo aphungu ambiri a ku Britain anatengedwa pa ndege kudzaona misewu, migodi ndi damu la Kariba. Mu Febuluwale 1961, pamene a Macleod anaitana msonkhano wa malamulo a Northern Rhodesia, chipani cha a Welensky chinakana kukhalapo, ndipo a Welensky anaitana asilikari a Chitaganya kuti akhale okonzeka. Ku London phungu Robin Turton analemba chikalata chodzudzula liwiro la ndunayi, ndipo aphungu a Conservative oposa 90 anasaina. Chaka chomwecho kunabadwa kagulu ka Monday Club, kosonkhanitsa onse oona kuti chipani chikugulitsa abale awo a ku Africa.

A Macleod anayesanso nzeru ya chiwerengero. Anakonza mipando 45: 15 ya kaundula wapamwamba, 15 ya wapansi, ndi 15 ina imene munthu sakanaipata popanda mavoti ochokera mbali zonse ziwiri. Masamu ake anali opota dala, kuti a Kenneth Kaunda aone ngati angapambane, a Welensky nawonso aone chimodzimodzi. Pa 7 Marichi 1961 Lord Salisbury anaimirira m'Nyumba ya House of Lords nawathira mawu. Munthu ameneyu sanali wamba. Agogo ake ndiwo anali Nduna Yaikulu pamene Nyasaland inalowa m'manja mwa Britain mu 1891, ndipo mzinda wa Salisbury, umene lero ndi Harare, unatchedwa dzina lawo. Iye mwini anachoka m'boma mu 1957 pokwiya ndi kutulutsidwa kwa mkaidi wina wa ndale, Archbishop Makarios wa ku Cyprus. Tsono ananena kuti a Macleod ndi munthu wochenjeretsa, amene watenga machenjera a pa tebulo la makadi nachita nawo Azungu a ku Africa ngati adani oti awapusitse. M'chipani chimene chimalemekeza kukhulupirika koposa nzeru, chitonzo chimenechi chinamata ngati ulimbo, ndipo sichinachokenso.

A Macmillan anachita mantha kuti chipani chisweka. Duncan Sandys, amene analowa m'malo mwa Lord Home, ankakambirana ndi a Welensky payekha, ndipo mu Juni 1961 a Macleod anaumirizidwa kusintha masamu aja mokomera United Federal Party. Sanatule pansi udindo ulendo uno. Anagonja, nateteza pagulu chinthu chimene mumtima sankachikhulupirira. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Azungu sanawakhululukire, ndipo anthu akuda anaona kuti apusitsidwa. Kuyambira mu Julayi zigawo za Northern ndi Luapula zinabuka m'zipolowe zotchedwa Cha Cha Cha: milatho inagwetsedwa, sukulu zinatenthedwa, misewu inatsekedwa ndi mitengo, anthu oposa 20 anafa ndipo zikwi zinamangidwa. Mu Seputembala boma la Britain linanena kuti liganizanso. Kugonja kwa mu Juni kuja kunagula mtendere wa miyezi yochepa m'chipani ku London, ndipo amene analipira ndi anthu a m'midzi ya ku Kasama ndi ku Chinsali.

Mu Okutobala 1961 a Macmillan anawachotsa pa undunawo mwaulemu, powakweza kukhala Mtsogoleri wa Nyumba ya Malamulo ndi wapampando wa chipani. M'zaka ziwiri zokha Nigeria ndi Sierra Leone zinali zitalandira ufulu, tsiku la Tanganyika linali litaikidwa, ndipo Jomo Kenyatta anali mfulu. Oukira aja ankayesa kuti apeza munthu wofatsa mwa Reginald Maudling, koma iye atawerenga mapepala omwewo anafika pa maganizo omwewo, ndipo mu 1962 anakonza malamulo amene anatsegulira a Kaunda njira. Mu Disembala 1962 R. A. Butler analengeza kuti Nyasaland iloledwa kuchoka m'Chitaganya. Chitaganyacho chinatha pa 31 Disembala 1963, Malawi nalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, Zambia pa 24 Okutobala.

Kwa a Macleod eni ake mphotho inali yowawa. Kale ambiri ankawaona ngati mtsogoleri wa mawa wa chipani, pakuti pa misonkhano ikuluikulu panalibe wolankhula wowaposa. Mu Okutobala 1963 a Macmillan atadwala natula pansi udindo, chipani chinalibe lamulo loponyera voti. Akuluakulu ankangofunsana kuseri, dzina n'kutuluka. Dzina limene linatuluka linali la Lord Home, yemwe uja anakokana nawo pa za mkaidi wa ku Gwelo. A Macleod, amene ankafuna a Butler, anakana kugwira ntchito pansi pake, ndipo Enoch Powell anakananso. Atakhala mkonzi wa magazini ya The Spectator, mu Januwale 1964 analemba nkhani youlula kuti mtsogoleri anasankhidwa ndi kagulu kochepa ka anthu ophunzira sukulu imodzi ya olemera, ya Eton. Zimene analembazo zinapweteka chipani, ndipo pamene chinagonja mwapang'ono pa chisankho cha Okutobala 1964, ambiri analoza chala iwo. Komabe mu 1965 chipani chinasintha mwambo nichiyamba kusankha mtsogoleri ndi voti ya aphungu. Anzawo awiri a mu ofesi ya 1946, Maudling ndi Powell, anaima. Edward Heath anapambana. A Macleod sanaime, podziwa kuti a mipando ya kumbuyo sanaiwale Africa.

Bala la Africa silinapole m'chipanimo. Ian Smith atalanda ufulu wa Rhodesia pa 11 Novembala 1965, aphungu a Conservative anagawika patatu mu Disembala pa nkhani yoletsa mafuta kupita ku dzikolo: ena anavomereza, ena anakana, ambiri anangokhala osaponya. Mu 1968 boma la Labour linabweretsa lamulo lotsekera khomo Amwenye a ku Kenya okhala ndi mapasipoti a Britain. A Macleod anali mmodzi wa aphungu ochepa a Conservative amene analikana, ponena kuti anthuwo analonjezedwa ndipo lonjezo liyenera kusungidwa. Chaka chomwecho ubwenzi wawo ndi Powell unatha, Powell atalankhula mawu oopseza za alendo akuda okhala mu Britain.

Chipani cha Conservative chinapambana pa 18 Juni 1970, ndipo a Heath anawapatsa unduna wa zachuma, umene anaukonzekera zaka zisanu. Mu Julayi anachitidwa opaleshoni ya m'mimba, nabwerera ku nyumba ya nduna ya zachuma ku 11 Downing Street kuti akapume. Usiku wa pa 20 Julayi 1970 mtima wawo unaima, atakhala pa udindowo mwezi umodzi wokha, ali ndi zaka 56. Anaikidwa m'manda a tchalitchi cha m'mudzi wa Gargrave, pafupi ndi Skipton kumene anabadwira.